Moyo wa Nyanja ya Chilwa Umayambira Kumtunda

Mawu olankhulidwa pamsonkhano wa makomiti a chitukuko cha m'madera



Nyanja ya Chilwa, imene imadyetsa mabanja a m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Nyanjayi inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 madzi anathawanso, mabwato n'kutsala pamatope padoko la Kachulu.

Kuyambira zaka za m'ma 1960, akatswiri a ku Chancellor College, imene lero ndi Yunivesite ya Malawi, akhala akufufuza za nyanjayi. Mu 2010 anayambanso ntchito yothandiza anthu a m'chigwa cha Chilwa kupirira kusintha kwa nyengo, mogwirizana ndi mabungwe a WorldFish ndi FRIM, ndi thandizo la dziko la Norway. Pa zimene anapeza, zitatu zikukhudza mudzi uliwonse.

Choyamba, nyanja imaphwa mvula ikavuta zaka zotsatizana, koma manja a anthu amakuza vutoli. Mitengo ikatha m'mapiri, anthu n'kumalima mpaka m'mphepete mwa mitsinje, nthaka imakokoloka n'kukakwirira nyanja.

Chachiwiri, madzi akaphwa, matemba, makumba ndi milamba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo. Nsomba zotsalazi ndizo mbewu imene imadzazanso nyanja madzi akabwerera. Choncho wothira katupe m'dziwe, kapena wokokamo neti ya udzudzu, akudya mbewu ya chaka chamawa.

Chachitatu, mavuto a nyanja sathera pagombe. Nsomba zikasowa, amayi ogulitsa matemba amasowa mpamba, ana amasiya sukulu, ndipo abambo ambiri amalowa m'nkhalango kukaotcha makala. Mitengo ikatha choncho, nyanja imakwiririka koposa kale. Nawo asodzi ogona m'zimbowera, amene amamwa madzi a m'nyanja momwemo, ndiwo amayamba kugwidwa ndi kolera.

Kafukufukuyu sanathere m'mabuku. Magulu a amayi anaphunzira kuumitsa nsomba m'matenti ogwiritsa ntchito dzuwa, njira imene imasunga nkhuni ndi kuteteza nsomba ku fumbi ndi ntchentche.

Tsopano ntchito yatsalira makomiti. Polemba mapulani a chitukuko cha m'midzi, komiti iliyonse iikemo kubzala mitengo ndi nsungwi m'mbali mwa mitsinje, kusamalira mphukira, kuletsa moto wolusa m'tchire, ndi kulemekeza nyengo imene usodzi umatsekedwa. Mafumu akhwimitse malamulo oteteza maiwe, ndipo alangizi a zankhalango, zaulimi ndi zansomba aitanidwe kumisonkhano ya m'midzi mvula isanagwe.

Wotema mtengo m'phiri la Zomba ndi msodzi wa pachilumba cha Chisi mwina sadziwana, koma amadyera mbale imodzi.