Maluwa Osatha a Kumapeto kwa Dzinja

Mau amene analankhula mlembi wa Mvano pa tsiku la chikondwerero



Mwandipatsa mpata woti ndilankhule za maluwa. Mu Januwale ndi Febuluwale maluwa savuta, amamera ngakhale kudzala. Koma mvula ikangokata, maluwa aja ofesa chaka ndi chaka amauma. Tsono nthawi yomweyo ndiyo ya Pasaka ndi maukwati a m'masika, ndipo maliro nawo sayang'ana mwezi. Zikatero timatapa m'thumba la Mvano kukagula maluwa ndi nkhata zapulasitiki, ndi ndalama zimene zikadagula sopo ndi shuga wa odwala athu. Chifukwa chake ndikupempha kuti tidzale maluwa osatha, amene chitsa chake chimakhala m'nthaka zaka zambiri, makamaka amene amamasula kumapeto kwa dzinja ndi m'nyengo yozizira.

Ena adzati kuno m'tsinde mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi, maluwa sangapirire. Ai ndithu. Pamwamba pa phiri la Mulanje, pamene nsonga ya Sapitwa ifika mamita 3,002, pamagwa chisanu chowauka nacho udzu, komabe pali maluwa. Ena mwa iwo ndi aja Azungu amati red hot poker, ooneka ngati muuni wa moto. Kwao kwenikweni ndi kuno ku Africa, koma ku England, kumene kumazizira koposa kuno, anawatenga ndipo amawadzala kuti azikongoletsa pakhomo chilimwe chao chikamatha.

Ndikutchulireni mitundu inai imene tingathe kuisamala.

Woyamba ndi dahlia, wochokera ku Mexico. Pansi pake pamakhala zonga mbatata. Mudzale mvula yoyamba ikagwa, motalikirana mapazi awiri, ndipo muzikepo kamtengo kuti mphepo isathyole. Amamasula mpaka mu Epulo ngati muchotsa maluwa ofota. Masamba akauma, kumbani mbatatazo ndi kuzisunga mu mchenga wouma kuopa mfuko. Pogawa, mbatata iliyonse ikhale ndi kachidutswa ka tsinde, pakuti mphukira imatuluka pamenepo.

Wachiwiri ndi chrysanthemum, wochokera ku China. Duwa ili limadikira kuti usiku utalike. Kuyambira kumapeto kwa Malichi usiku umayamba kutalika kuposa usana, ndiye chifukwa chake limamasula mu Epulo ndi Meyi, anzake atatopa. Mudzitsina nsonga zake mpaka kumapeto kwa Januwale kuti lichite nthambi zambiri. Likadulidwa limakhala m'madzi kupitirira sabata osafota.

Wachitatu ndi poinsettia, kamtengo ka masamba ofiira kamene ku Ulaya amakongoletsera Khirisimasi, chifukwa kumeneko usiku umatalika mu Disembala. Kuno kamafiira kuyambira mu Meyi mpaka mu Julayi. Musakadzale pafupi ndi babu loyaka usiku wonse, pakuti kuwala kumakalepheretsa kufiira. Utomoni wake woyera umayabwa, choncho ana asaugwire ndi kutikita m'maso. Mukadula nthambi, viikani kumunsi kwake m'madzi otentha pang'ono chabe kuti isafote msanga.

Wachinai ndi deliya wathu uja wachikasu wa m'mbali mwa misewu, amene amamasula mvula ikatha. Ambiri timamuyesa tchire, koma masamba ake akaola ndi manyowa abwino. Mumdzale kumpanda kokha ndi kumdulira kawirikawiri, chifukwa akalekereredwa amalanda munda wonse.

Kasamalidwe kake ndi kofanana. Malo akhale opeza dzuwa la m'mawa, otetezeka ku mphepo ya mwera, ndiponso osadikha madzi. Thirani manyowa oola bwino. Mvula ikatha, phimbirani pansi ndi udzu wouma, ndipo madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri musataye, thirirani. Mpanda ndi wofunika, pakuti tikangokolola mbuzi zimayenda paliponse. Pothyola, thyolani m'mamawa ndi kuika m'ndowa ya madzi pamthunzi.

Chenjezo langa ndi ili: tisapite kukazula maluwa m'phiri. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika m'gulu la malo ofunika a dziko lonse lapansi. Ife a ku Phalombe, amene tinaona napolo wa mu Malichi 1991 ndi namondwe Freddy mu 2023, sitifunika kuuzidwa kuti phiri lisamavulidwe chofunda chake. Mbeu tipemphane tokhatokha. Chitsa chimodzi chikakula chimagawidwa panai kapena pasanu, ndipo mwini wake sataya kanthu.

Tsono pempho langa ndi lakuti mai aliyense amene ali ndi maluwa amenewa adzabweretse mbeu pa msonkhano wathu wa mu Novembala, kuti tidzagawane mvula isanagwe. Mudzi uliwonse usankhe amai awiri oyang'anira bedi limodzi pa tchalitchi. Mutu umodzi susenza denga. Tikatero, chaka chamawa mu Juni patebulo padzakhala maluwa a m'manja mwathu, ndipo ndalama zija zidzapita kwa odwala ndi amasiye.