Pulezidenti anapulumuka, nanga mtsikana uja?

Zikomo pobwera ngakhale ndi Loweruka, tsiku loti ambiri timakhala tili pa beseni. Lero tikambirana nkhani ya ku America, yomwe inachitika ambiri mwa ife tisanabadwe kapena tikadali kumsana.

Tiyambe ndi funso. Tikatchula dzina loti Monica Lewinsky, ambiri muno mukumwetulira, eti? Dzinali tinalimva, ndipo tinalimva ngati nthabwala. Koma tikafunsa kuti Bill Clinton anaimbidwa milandu yanji ku Nyumba ya Malamulo, ambiri tingoyang'anana. Mtsikana timamukumbukira, milandu ya bambo uja tinaiwala.

Mawu oti impichimenti timawamva kawirikawiri ndale zikatentha. Tanthauzo lake ndi loti aphungu amamuimba mlandu pulezidenti akadali pampando, ndipo akapezeka wolakwa amachotsedwa. Ku America kuli nyumba ziwiri. Nyumba ya House of Representatives ndiyo imaimba mlandu, ndipo pamangofunika kuti ovomereza apose theka. Kenako mlanduwo umapita ku Senate, komwe masenetala 100 amakhala ngati oweruza, ndipo kuti munthu achoke pafunika mavoti 67. Malamulo awo amati pulezidenti angachotsedwe chifukwa choukira dziko, ziphuphu, kapena milandu ina ikuluikulu yokhudza udindo wake. Apulezidenti atatu okha ndi amene adaimbidwapo mlandu chonchi: Andrew Johnson mu 1868, Clinton mu 1998, ndi Donald Trump kawiri, mu 2019 ndi 2021. Palibe ndi mmodzi yemwe amene Senate inamuchotsa. Richard Nixon anathawa moto potula pansi udindo mu 1974 voti isanachitike.

Tsono nkhani ya Clinton siinayambe ndi Monica. Inayamba ndi mayi wina, Paula Jones, amene ankagwira ntchito m'boma la chigawo cha Arkansas pomwe Clinton anali bwanamkubwa kumeneko. Mu 1994 mayiyu anasuma kukhoti kuti mu 1991 Clinton anamuitanira m'chipinda cha hotelo ku Little Rock n'kumuchita zachipongwe zokhudza kugonana. Clinton anakana. Maloya ake anati pulezidenti ndi wotanganidwa, mlandu udikire achoke pampando. Mu 1997 khothi lalikulu la dzikolo linakana zimenezo, oweruza onse 9 mogwirizana: mlandu upitirire. Maloya a Jones anayamba kufufuza ngati panali akazi ena ogwira ntchito pansi pa Clinton amene anachita nawo zotere, ndipo ndi mmene dzina la Monica linatulukira.

Monica analowa ku White House mu 1995 ngati wophunzira ntchito, wosalipidwa, atangomaliza kumene koleji. Chibwenzi chinayamba mu Novembala chaka chomwecho. Iye anali ndi zaka 22. Clinton anali ndi zaka 49, wapabanja, bwana wa aliyense m'nyumba imeneyo, munthu wamphamvu kuposa wina aliyense m'dziko lonselo. Akuluakulu a mu ofesi ataona kuti mtsikanayu akuonekera pafupipafupi kwa bwana, sanapite kukalankhula ndi bwanayo. Anasamutsa mtsikana. Mu Epulo 1996 anamutumiza ku Pentagon, likulu la asilikali. Asisi amene mukugwira ntchito, zimenezi mukuzidziwa: zikavuta, amene amapatsidwa transifa ndi wamng'ono.

Ku Pentagon anapeza mnzake wamkulu msinkhu, Linda Tripp, n'kuyamba kumuuza zakukhosi. Tripp ankajambula mwachinsinsi zomwe ankakambirana pa foni, ndipo matepiwo anakawapereka kwa Kenneth Starr, loya amene ankafufuza Clinton pa nkhani zina za malo ndi ndalama. Pa 16 Januwale 1998 apolisi a FBI ndi maloya a Starr anamutengera Monica m'chipinda cha hotelo, n'kukhala naye maola ambiri, akumuopseza kuti akhoza kukakhala kundende zaka 27 ngati sawathandiza. Tsiku lotsatira Clinton analumbira pa mlandu wa Jones n'kukana kuti sanagonepo naye. Pa 26 Januwale anaima pa TV, chala m'mwamba, n'kukananso pamaso pa dziko lonse, ndipo anamutchula kuti "mkazi uja".

Kwa miyezi 7 pulezidenti anakakamira bodza lakelo. Miyezi yonseyo Monica ankanenedwa kuti ndi wopenga, wodzikakamiza pa amuna, wopeka nkhani. Chimene chinasintha zinthu si mawu ake ayi, koma diresi lake labuluu limene linapimidwa n'kupezeka ndi DNA ya Clinton. Pa 17 Ogasiti 1998 Clinton anavomera. Taganizani bwino pamenepa: mtsikana anakhulupiriridwa pokhapokha labotale itamuchitira umboni. Mwezi wotsatira lipoti la Starr linaikidwa pa intaneti, muli tsatanetsatane yense wa zomwe zinkachitika kuseri kwa chitseko, dziko lonse n'kumawerenga za thupi la mtsikana wa zaka 25.

Pa 19 Disembala 1998 aphungu anavota. Mlandu woyamba, kunama atalumbira, unadutsa ndi mavoti 228 kwa 206. Wachiwiri, kusokoneza chilungamo, unadutsa ndi 221 kwa 212. Milandu ina iwiri inagwa. Ku Senate, pa 12 Febuluwale 1999, mlandu wa bodza unapeza mavoti 45 okha, wa kusokoneza chilungamo 50. Onse sanafike pa 67. Clinton anamaliza nthawi yake.

Tsono tamvetserani mafunso amene nyumba ziwirizi zinkafunsa. Kodi ananama? Kodi bodzalo ndi lalikulu moti n'kuchotsera pulezidenti? A chipani cha Republican ankati munthu amene analumbira kuteteza malamulo sanganame kukhoti n'kukhalabe pampando. A Democrat ankati izi ndi za m'banja, zisiyireni iye ndi mkazi wake Hillary. Onse anali ndi mfundo, sitikukana. Kunama kukhoti ndi mlandu ndithu, makamaka pa mlandu umene mayi akudandaula za kuzunzidwa. Ndipo ndi zoona kuti dziko silingamachotse mtsogoleri pa tchimo lililonse. Koma funso loti bwana wamkulu kugona ndi wophunzira ntchito mu ofesi ya boma ndi kugwiritsa ntchito udindo molakwika kapena ayi, silinali pa pepala lovotera. Kwa a mbali ina mtsikanayu anali chida chogwetsera mdani. Kwa a mbali inayo anali chisonga chofunika kuzula. Paja amati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu.

Ndiponso amene ankaweruzawo sanali oyera. Newt Gingrich, sipikala amene ankakankha nkhaniyi, anadzavomera patapita zaka kuti nthawi yomweyo naye anali ndi chibwenzi chamseri ndi mayi wogwira ntchito ku Nyumba ya Malamulo. Bob Livingston, amene amati alowe m'malo mwake, analengeza kuti akutula pansi udindo tsiku lomwelo la voti, zake zitaululika. Ndiye musadabwe kuti za mabwana ndi atsikana ogwira ntchito pansi pawo sanafune kuzifukula kwambiri.

Tiwerengere limodzi kuti analipira ndani. Clinton analipira, inde. Anapatsa Paula Jones 850,000 dollars kuti mlandu uthe, osavomera kulakwa. Woweruza Susan Webber Wright anamupeza wolakwa ponyoza khothi n'kumulipiritsa pafupifupi 90,000 dollars. Chiphaso chake cha uloya ku Arkansas chinaimitsidwa zaka 5. Koma sabata imene ankaimbidwa mlandu, kafukufuku wa Gallup anapeza kuti anthu 73 pa 100 alionse akukhutira ndi ntchito yake. Atachoka pampando analemba mabuku, anayenda dziko lonse akulandiridwa ndi ulemu, n'kumalipidwa ndalama zambiri pongolankhula.

Monica? Mayi ake omubereka anaitanidwa kukapereka umboni pa za mwana wawo. Dzina lake linasanduka chitonzo m'nyimbo ndi m'masewero a pa TV usiku uliwonse. Iye mwini anadzafotokoza kuti masiku amenewo mayi ake ankamuuza kuti azisamba chitseko chili chotsegula, poopa kuti angadzichotsere moyo. Anapita ku London, anaphunzira ku London School of Economics n'kutenga digiri yachiwiri mu 2006, koma pofuna ntchito olemba ankaona dzina, osati mapepala. Anakhala chete pafupifupi zaka 10. Anayambanso kulankhula mu 2014, ndipo mu 2015 analankhula pa TED za mtengo umene munthu amalipira akachititsidwa manyazi pa intaneti. Mu 2018, nthawi ya MeToo, analemba kuti ngakhale sanagwiriridwe, tsopano akuona kuti panali kugwiritsa ntchito mphamvu molakwika koopsa.

Tsopano gawo lowawa, lokhudza ifeyo. Amayi ambiri omenyera ufulu ku America sanaime naye. Clinton anali wa mbali yawo: anasaina lamulo loteteza amayi ku nkhanza mu 1994, anasankha Ruth Bader Ginsburg kukhala woweruza ku khothi lalikulu, anasankha Madeleine Albright kukhala mayi woyamba kutsogolera unduna wa zakunja. Poopa kutaya zimenezi, ambiri anatseka pakamwa. Gloria Steinem, dzina lalikulu pa nkhani za ufulu wa amayi, analemba mu nyuzipepala ya New York Times mu Malichi 1998 zochepetsa madandaulo a amayi amene ankamuneneza Clinton. Ena ankaseka nawo thupi la Monica ndi kavalidwe kake. Tisawaloze chala msanga, asisi. Tidzifunse: atakhala wa chipani chathu, wa kwathu, m'busa wa mpingo wathu, kapena bwana wa bungwe limene limatipatsa thandizo, tingalankhule?

Sitikunena kuti impichimenti ndi yachabe. Ku South Korea inagwira ntchito, ndipo amene anachotsedwa anali mayi, Park Geun-hye. Analola mnzake wapamtima Choi Soon-sil, yemwe analibe udindo uliwonse m'boma, kulowerera nkhani za boma ndi kufinya ndalama kumakampani akuluakulu. Anthu anadzaza misewu ya Seoul ndi makandulo Loweruka lililonse. Pa 9 Disembala 2016 aphungu 234 anavota kuti aimbidwe mlandu, kuphatikizapo ambiri a chipani chake chomwe, ndipo pa 10 Malichi 2017 oweruza onse 8 anagamula kuti achoke. Kukhala mayi sikunamuteteze, ndipo ife sitikanafuna kuti kumuteteze. Kusiyana kwake ndi kwakuti kumeneko funso linali limodzi lomveka, loti wagwiritsa ntchito bwanji udindo, ndipo anthu sanalole kuti lisochere.

Nanga kwathu kuno? Gawo 86 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limalola kuchotsa pulezidenti ngati waphwanya kwambiri malamulowo kapena malamulo ena olembedwa, ndipo pafunika mavoti a magawo awiri mwa atatu a aphungu. Zinayesedwapo mu 2005 pa Bingu wa Mutharika, koma sizinafike kumapeto. Komanso gawo 91 limati munthu sangasumire pulezidenti akadali pampando. Ndiye kuti zimene Paula Jones anachita ku America, mayi wa kuno angafunike kudikira. Izi n'zofunika kuti tizizidziwa pamene anthu akukamba zosintha malamulo.

Koma ambiri mwa ife sitidzakumana ndi pulezidenti. Tikumana ndi manejala, lekichara, mkulu wolemba anthu ntchito, amene amati "tikambirane madzulo". Pa amenewa lamulo lilipo kale. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati kuzunza munthu pa nkhani zogonana ndi mlandu, chilango chake K1,000,000 ndi zaka 5 kundende, ndipo limafuna kuti malo a ntchito akhale ndi ndondomeko yolandirira madandaulo. Lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti limaletsanso kuzunza munthu kudzera pa foni ndi pa kompyuta.

Ndiye tikuchoka muno ndi zinthu zinayi. Choyamba, nkhani ya munthu waudindo ikaphulika, tizifunsa kaye kuti mphamvu zinali ndi ndani: wolemba ntchito ndani, wokhoza kuchotsa mnzake ndani, wopereka malikisi ndani. Chachiwiri, zithunzi ndi mauthenga a mtsikana zikafika pa gulu lathu la WhatsApp, zizithera pa foni yathu. Lipoti la Starr linafunika boma kuti lifalikire. Lero chala chathu chimodzi chikukwanira. Chachitatu, Lolemba tikafunse kuntchito kapena kusukulu kwathu ngati ndondomeko ija ilipo, ndipo tiione ndi maso. Chachinayi, muyezo wathu ukhale umodzi, kaya wolakwayo ndi wathu kaya ndi wa eni ake.

Aphungu adzavota za mpando, ndiyo ntchito yawo. Za mtsikana amene watsala ndi dzina lothimbirira, wopanda ntchito, foni ikulira ndi zitonzo, palibe nyumba ya malamulo imene imavotera zimenezo. Ameneyo ndi wathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsopano mpata ndi wanu, tiyeni tikambirane.