KUJAMBULA ZITHUNZI M'NYENGO YA CISANU

Madzulo ano ndifuna kukamba ndi inu amene mukonda kujambula zithunzi, kapena ndi kamera kapena ndi foni ya m'thumba. Mau anga ndi awa: musadikire kuti kufunde. Nthawi yabwino muno mu Lusaka ndiyo Juni ndi masabata oyamba a Julayi, pakuti m'mwamba muli mbee. Ikafika Ogasiti mphepo iutsa pfumbi, utsi wa lupsa udzaza ponseponse, ndipo mapiri a ku Kafue aoneka ngati aphimbidwa ndi nsaru yakuda.

Masiku amenewa dzuwa lituruka monga hafu pasiti sikisi. Mzinda wathu uli pamtunda, mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamcere, cifukwa cace mmawa kuzizira koopsa, bvalani jekete. Inu a ku Chelstone tsikani ndi Great East Road kufikira pa University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966. Pamenepo pali timaiwe tochedwa Goma Lakes, ndipo mukalawira mudzapeza nkhungu iri gwa pamadzi, akakowa ataima cete m'mbali mwa bango. Dzuwa likakwera pang'ono, nkhungu ija yapita.

Kakowa ndi mbalame yobvuta kujambula. Kamera iona madzi akuda ndi bango, niganiza kuti kuli mdima, nionjeza kuwala. Pamenepo kakowa aturuka woyera phee wopanda nthenga. Cepetsani kuwalako musanatole. Pa foni mungogwira cala pa mbalameyo ndi kutsitsa cizindikiro ca dzuwa. Dzuwa lenilenilo likhale kumbuyo kwanu. Ndipo musailondole mbalame, khalani pansi, idzabwera yokha. Akuluakulu anatiletsa kupasula cisa ca nanchengwa, ndipo ine ndiganiza kuti wojambula aonjezepo: asaciyandikire n'komwe. Anamzeze ocokera ku Ulaya musawafune tsopano, anabwerera kwao mvula itatha.

Maluwa ndiwo osabvuta, cifukwa sauluka. M'miseu ya Kabulonga ndi Woodlands bougainvillea ndi poinsettia zalendewera pa mipanda, aloe waturutsa maluwa ofiira amene acoso awakonda, ndipo cakumapeto kwa cisanu muwale ucita maluwa pa nthambi zopanda tsamba. Dzuwa la Juni lipita cakumpoto, tsono funani mpanda wopenya kumpoto. Pemphani cilolezo kwa eni nyumba, ndipo pafupi ndi State House kapena malo a asilikali kamera ikhale m'cikwama. Ku Kabwata Cultural Village ziripo nyumba zozungulira za udzu zomangidwa masiku a Atsamunda. Pitaniko madzulo, zithunzithunzi zitatalika.

Amene ali ndi galimoto asonkhe ndalama ya petulo ndi anzace apite ku Lochinvar, kudzera ku Monze. Ndi nkhalango ya Boma ciyambire 1972, pa cigwa ca mtsinje wa Kafue, ndipo anawerengako mitundu ya mbalame yoposa 400. Madzi akamaphwa m'cirimwe mbalame zisonkhana ku thamanda la Chunga: atsekwe, abakha a m'chire, mabvuwo, ndi nkhwazi yomwe ija ya pa mbendera yathu. Ngati simudziwa maina ace, a BirdWatch Zambia, bungwe limene linayamba mu 1969, akhoza kukuthandizani.

Koma ine ndinena kuti dambo la kuseri kwa nyumba yanu liposa Lochinvar. Lochinvar ali ndi alonda, ndipo alendo amjambula caka ndi caka. Madambo a mu Lusaka alibe wowajambula. Akugawidwa mapuloti, ndipo pamene panalira acule dzana lero pali maziko a nyumba. Cithunzi copanda dzina la malo ndi tsiku sicingacitire umboni kuti pano panali madzi. Tsono mukafika kunyumba, musanamwe tiyi, lembani: malo akuti, tsiku lakuti, mbalame zingati. Caka ca mawa mukaimenso pa culu comweco, mupenye mbali yomweyo.

Tsalani bwino.