Chithunzi cha chakudya ndi lonjezo kwa wogula

Ndikulankhula ndi inu amene mumagwira ntchito m'nyumba za anthu ndi m'mafamu kutali ndi kwanu. Lero ndikufuna tikambirane za chinthu chooneka chaching'ono: chithunzi cha chakudya chimene chimapachikidwa pamwamba pa kauntala m'malo ogulitsira zakudya zophikaphika.

Mwezi ukatha, ambiri mumafuna kusangalatsa ana ndi nkhuku yokazinga kapena burger. Ku South Africa malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anafika pa R28.79 pa ola mu Marichi 2025, ndipo chakudya chimodzi chotere chimatha kumeza thukuta la maola awiri kapena atatu. Choncho chimene chili m'bokosi chikachepa poyerekeza ndi cha pachithunzi, si nkhani yoseketsa ayi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ku America nkhani zotere zafika kukhoti. Mu 2022 ogula ena anasumira Burger King ku Florida, ponena kuti burger yotchedwa Whopper imaoneka yaikulu ndi pafupifupi 35 peresenti pazithunzi kuposa yeniyeni. Kampaniyo inayankha kuti aliyense amadziwa kuti chithunzi chotsatsira malonda chimakongoletsedwa. Mu 2023 woweruza Roy Altman anataya mbali zina za mlanduwo, koma analola kuti dandaulo lokhudza zithunzi za m'sitolo lipitirire. Chaka chomwecho, ku New York, woweruza wina anataya mlandu wofanana nawo wotsutsa McDonald's ndi Wendy's, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali chakuti wodandaulayo sanasonyeze kuti anaonadi zithunzi zimene ankadandaula nazo. Phunziro loyamba ndi limeneli: popanda umboni, ngakhale wolakwiridwa amabwerako chimanjamanja.

Phunziro lachiwiri likuchokera ku Subway. Mu 2013 mnyamata wina wa ku Australia anayeza buledi amene kampaniyo inkati ndi wa mainchesi 12, n'kupeza 11 okha. Chithunzi chake chinafalikira pa Facebook ndipo milandu inatsatira ku America. Koma mu 2017 khoti la apilo linakana mgwirizano wothetsa mlanduwo chifukwa maloya ndiwo akanalandira madola oposa 500,000, ogula wamba osapindula kanthu kooneka. Mlandu waukulu sutanthauza kuti wosauka wathandizidwa.

Nanga inu mungatani kuno? Ku South Africa kuli lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2008, limene limaletsa wamalonda kunena kapena kuonetsa zabodza ndi zosocheretsa pa katundu wake. Lamuloli silinena kuti wogula ayenera kukhala nzika. Ndalama yanu ndi yofanana ndi ya bwana wanu. Mukhoza kudandaula kwaulere ku National Consumer Commission, ku Consumer Goods and Services Ombud, kapena ku Advertising Regulatory Board ngati vuto lili pa kutsatsa malondako. Ku Malawi kuli Competition and Fair Trading Commission, ku Zambia kuli Competition and Consumer Protection Commission.

Choncho sungani lisiti. Jambulani ndi foni chithunzi cha pakhoma pamodzi ndi chakudya chimene mwapatsidwa, musanachilume. Yambani mwaulemu ndi manijala wa pamalopo. Akakana, lembani tsiku, nthawi ndi malo, ndipo pitani nazo kumabungwe aja.

Ndikudziwa kuti ena mukuti, "Ndife alendo, tisadzichititse manyazi chifukwa cha burger." Koma chizolowezi chosunga umboni n'chomwecho chimene chidzakupulumutseni pamene uthenga wa pa WhatsApp walonjeza malipiro ndi malo ogona abwino, inu n'kukapeza zina pafamupo. Lonjezo lililonse limene munthu akufuna kutengera ndalama kapena mphamvu zanu, lijambuleni ndi kulisunga.