Chiweto Chotsekeredwa M'khola Chifuna Chochita

Mawu olankhulidwa kwa alimi a ziweto a ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma

Alangizi akhala akutiuza kuti titsekere nkhumba m'khola poopa chigodola, ndipo ambiri a inu mwamvera. Mwachita bwino, pakuti nthendayi ilibe mankhwala, ndipo ikalowa m'mudzi imasesa makola. Koma tsono ena akudandaula kuti chitsekereni, nkhumba zawo zikulumana michira, zikutafuna mitengo ya khola, ndipo sizikunenepa ngakhale madeya alipo. Lero ndifuna tikambe za chimene chisowa m'makola otere.

Tiyambe ndi mkango, ngakhale palibe wa ife amene amaweta mkango. Mu mzinda wa Lilongwe, m'nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, muli malo osungirako nyama zopulumutsidwa otchedwa Lilongwe Wildlife Centre. M'chaka cha 2009 kumeneko kunafika mkango waukazi wa diso limodzi, dzina lake Bella, kuchokera ku dziko la Romania kumene unakhala zaka zambiri m'kakhola ka zitsulo ndi simenti. Chimene unachipeza ku Lilongwe ndi nthaka yoponda, udzu wobisalamo ndi mitengo ya mthunzi. Osunga nyama adziwa kuti chilombo chotsekeredwa m'malo opanda kanthu chimayamba kuyenda uku ndi uku m'mbali mwa mpanda, njira imodzimodzi, tsiku lonse. Alendo amayesa kuti ndi ukali. Si ukali ayi, ndi kusauka kwa mtima. Chifukwa chake m'malo osamala bwino amamwaza chakudya m'udzu kapena kuchibisa m'mphako kuti nyama ichite kuchifunafuna. Apusi ndi anyani olandidwa kwa anthu amene ankawamanga chingwe m'chiuno, ku Lilongweko amawaphatikiza ndi anzawo mpaka apange gulu, ndipo magulu ena anakawamasula ku nkhalango ya Kasungu.

Kodi nyama ili ndi maganizo? Ena mwa inu mukuseka. Mu 1947 mphunzitsi wina wa ku Canada, Donald Hebb, anatenga makoswe ena a m'nyumba yoyeseramo zinthu napita nawo kwawo, kumene ana ake ankasewera nawo. Atawabweza, makoswewo anaposa anzawo otsalira m'zitsulo pa mayeso opeza njira. Mu 1964 Marian Diamond ndi anzake ku California anaonetsa kuti makoswe okhala pamodzi ndi zinthu zokwera ndi zonunkhiza ali ndi khungwa la bongo lochindikala kuposa okhala okhaokha. Ngati zili choncho ndi khoswe, nanji nkhumba, imene inu nomwe mudziwa kuchenjera kwake pa kutsegula chitseko.

Tibwere tsono ku makola athu. Nkhumba ndi nyama yofukula. Akatswiri a ku Edinburgh anasiya nkhumba zoweta kuthengo m'zaka za m'ma 1980, ndipo anapeza kuti kuposa theka la usana zinali kufukula ndi kudya msipu. Ife timazithirira madeya, zimatha m'mphindi zochepa, ndipo tsiku lonse lotsalalo mphuno ija ilibe ntchito. Chimene chimagwedezeka m'kholamo ndi mchira wa inzake basi. Ikaluma kamodzi ndi kulawa magazi, zinzake zimatengera, ndipo chilondacho chingathe kuola mpaka mafinya kufika ku msana. Nkhumba yotere wogula pa msika wa Nsaru kapena Mpingu adzakutsitsani mtengo, ngati atenga n'komwe. Ku maiko a ku Ulaya lamulo likakamiza mlimi kuti nkhumba zake zikhale ndi udzu, utuchi kapena zina zofukula nthawi zonse.

Ife sitisowa kugula kanthu. Mapesi timangowatentha, masangwi a mtedza ali mbwee kuyambira ku Namitete mpaka ku Nambuma, zitsononkho zimaolera pa dzala. Ponyani mtolo umodzi m'khola m'mawa uliwonse, ndipo pansi pake mwazani chimanga chodzaza dzanja kapena kholowa. Musinthesinthe, pakuti chinthu chikakhalitsa nkhumba imatopa nacho: lero mapesi, mawa chipika chofewa, mkuja nthambi za masamba. Amene anathira simenti khola lonse, ndipo ena amanyadira zimenezi, asiye ngodya imodzi ya dothi pa mthunzi ndi kuthirapo madzi m'miyezi ya October ndi November. Nkhumba siituluka thukuta lokwanira kuiziziritsa. Matope aja ndiwo amaichotsa kutentha.

Chenjezo ndi ili. Udzu kapena chipika chochokera ku khola la mnzanu musalowetse kwanu, pakuti chigodola chimayenda pa zinthu zotere. Zinyalala zakale muzichotsa ndi kukazithira ku dzenje la manyowa, ndipo ming'alu ya khoma muzimata, chifukwa ndimo mumabisala nkhufi, zimene ku Mchinji, pafupi nafe pompa, zinapezeka ndi kachilombo ka nthendayi.

Za nkhuku ndingonena pang'ono. Zotsekeredwa zikayamba kuzulana nthenga, ikani mtengo wopingasa woti zikwerepo, mangirirani masamba a mpiru m'mwamba kuti zizidumphira, ndipo pa ngodya ikani beseni lakale la mchenga wosakaniza ndi phulusa. Zidzasamba m'menemo, ndipo nsabwe zidzachepa.

Aphunzitsi, pa sukulu zimene zili ndi akalulu kapena nkhumba, gawani khola pawiri. Mbali imodzi ikanimo mapesi tsiku ndi tsiku, mbali inayo muisiye monga ilili, ndipo chakudya chikhale chofanana. Ana a Sitandade 7 aziwerenga pa nthawi yopuma kuti zalumana kangati, nalembe m'kope kwa masabata 4. Makopewo mubwere nawo pa msonkhano wotsatira kuti mafumu ndi alangizi awaone.