Madzi akaphwa, lamulo likuti chiyani kwa mtsikana wa ku Phalombe?

Lero tikamba za malamulo. Tikuona ena mwayamba kale kusuzumira pafoni, koma dikirani kaye, sitiwerenga ndime ndi ndime ngati tili kukhoti. Tikufuna tiyende limodzi njira imene mtsikana wa ku Phalombe amayenda madzi akakokolola nyumba ya kwawo: kuchoka pamsasa, kupita kumalo atsopano, mpaka kukafika m'malire a dziko. Paliponse pamene waima pali lamulo, ndipo ambiri mwa malamulo amenewa asintha zaka zochepa zapitazi. Ambirife timakhala ku Blantyre, ku Zomba, ku Lilongwe, koma zinthu zikavuta kumudzi foni imene imalira ndi yathu. Ndiye tidziwe choyankha.

Bwanji Phalombe? Chifukwa malamulo a ngozi zogwa mwadzidzidzi m'dziko muno anabadwira komweko. Pa 10 March 1991 napolo anatsika phiri la Michesi, miyala ndi matope n'kukwirira midzi, anthu mazanamazana n'kufa. Chaka chomwecho dziko linakhazikitsa lamulo la ngozi zoterezi, ndipo tinakhala nalo zaka 32. Mu March 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 650,000 anathawa m'nyumba zawo, ndipo ku Nkhulambe madzi sanasiye ngakhale chipatala. Mwezi wotsatira aphungu anavomereza lamulo latsopano lotchedwa Disaster Risk Management Act. Lakale lija linkatsamira pa kugawa thandizo ngozi itachitika kale. Latsopanoli likuti boma lizikonzekeratu, ndipo likulipatsa mphamvu yolengeza kuti malo akutiakuti ndi angozi, anthu asamukepo.

Kusamuka n'kwabwino. Palibe pano amene akufuna mayi ake azigona m'mphepete mwa phiri mvula ikamagwa usiku. Koma funso lathu ndi ili: malo atsopanowo alembedwa m'dzina la ndani? Ku Phalombe ambiri ndi a chikamwini. Munda umachokera kwa agogo aakazi, kupita kwa mayi, kupita kwa mwana wamkazi. Ndiye olemba mayina akafika n'kufunsa kuti mutu wa banja ndani, pepala n'kutuluka m'dzina la abambo, mayi amene anataya munda wa makolo ake amasanduka mlendo pamalo atsopanopo. Banja likatha mawa, wonyamula katundu n'kuchoka ndi iyeyo. Lamulo la malo oyang'aniridwa ndi mafumu la 2016 limalola mkazi kulembetsa malo m'dzina lake, kapena limodzi ndi mwamuna wake. Limanenanso kuti mwa anthu 6 osankhidwa mu komiti ya malo ya kwa gulupu, osachepera 3 akhale amayi. Phalombe ndi limodzi mwa maboma amene kalembera wa malo ameneyu anayambira. Mukaimba foni kumudzi musamangofunsa kuti mwadya chiyani. Funsaninso kuti papepala la malo pali dzina la ndani.

Asanasamuke, mtsikana uja amakhala kaye pamsasa, nthawi zambiri m'kalasi ya sukulu kapena mu tenti. Apa mphamvu zonse zimakhala kwa munthu wogwira kope la mayina. Tinene poyera: ufa, ndowa, bulangete ndi sopo za thandizo sizigulitsidwa, kaya ndi ndalama, kaya ndi thupi. Wina akati tionane madzulo kuti dzina lako lilowe, wapalamula. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati wovutitsa mnzake pa nkhani zogonana atha kulipitsidwa K1,000,000 ndi kukhala kundende zaka 5. Ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, sangakwatiwe ngakhale makolo atavomera. Njala ikavuta m'nyumba, mabanja ena amaona ngati kukwatitsa mwana ndi kuchepetsa pakamwa. Tiwauze mwaulemu koma mosapsatira kuti umenewo ndi mlandu. Pali nambala zaulere, 116 ya nkhani za ana ndi 5600 ya nkhanza, komanso ofesi ya Victim Support Unit kupolisi.

Nanga mabungwe amene amabwera ndi magalimoto oyera aja? Mu 2022 lamulo la mabungwe omwe si aboma linasinthidwa, ndipo m'malo mwa NGO Board kunabwera NGORA. Bungwe lililonse liyenera kulembetsa ndi kupereka lipoti chaka chilichonse, la ntchito zake ndi la mmene ndalama zayendera. Mabungwe ambiri anadandaula kuti lamuloli lingagwiritsidwe ntchito potseka pakamwa amene amadzudzula boma, ndipo nkhawa imeneyo ndi yomveka, tiziyang'anira. Koma lamulo lomwelo latipatsa pogwira. Bungwe likajambula ana a ku Nkhulambe n'kupempha nazo ndalama kunja, tili ndi poyambira kufunsa: munalembetsa? Munapeza zingati, zinafika zingati? Ife eniakenso zikutikhudza. Tikasonkha pa gulu la WhatsApp kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, tiziika poyera zimene zalowa ndi zimene tagula. Tisamafunse ena zimene ifeyo sitichita.

Tsopano inshuwalansi. Enanu mwina simudziwa kuti dziko nalo limagula inshuwalansi ngati mwini minibasi. Malawi imagula ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe limene African Union inakhazikitsa mu 2012. Imeneyi sabwera kudzawerenga matumba amene mlimi wataya ayi. Amaona mvula kudzera pa satelaiti, kompyuta n'kuwerengera kuti anthu angati akhudzidwa. Mu 2016, njala ili paliponse, kompyutayo inayamba yanena kuti palibe cholipira. Chifukwa chake? Anaiuza kuti alimi amadzala chimanga chochedwa kucha, pamene ambiri anali atasinthira ku mbewu zocha msanga. Atakonza, analipira madola 8.1 miliyoni, koma miyezi yambiri itapita. Taganizani, mayi aliyense wa ku Migowi kapena ku Chiringa akanawauza mbewu imene amadzala, akanangomufunsa. Mu August 2024 dziko linalandiranso madola 11.2 miliyoni chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Ndalama zimenezi zimapita kuboma, choncho tili ndi ufulu wofunsa kukhonsolo ndi kwa phungu wathu kuti kwathu kunafika chiyani. Dziwaninso kuti inshuwalansi ya chilala silipira madzi osefukira. Phunziro lomwelo ndi lathu tikamasaina ya maliro, ya chipatala kapena ya geni: werengani pamene alemba zimene salipira. Kampani ikakana kulipira popanda chifukwa chomveka, madandaulo amapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank.

Thandizo likatha, munda uli mchenga wokhawokha, ndi pamene amatulukira amalume achifundo aja, amene amadziwa ntchito kwinakwake. Phalombe ili m'malire ndi Mozambique, njira zachidule ndi zambiri, ndipo apolisi akhala akugwira anthu ozembetsa ana kukawagwiritsa ntchito m'minda ya tsidya linalo. Kwa ife a m'tauni nyambo yake ndi ina, imabwera pa Facebook ndi chithunzi cha ndege. Mu 2024 BBC Africa Eye inaonetsa mmene amayi a ku Malawi anavutikira m'nyumba za ku Oman, ndipo amayi 54 anathandizidwa kubwerera kuno. Kumeneko chilolezo chokhalira m'dziko chimamangidwa kwa bwana wako, ndipo ambiri amalandidwa pasipoti tsiku lofika. Lamulo lathu la Trafficking in Persons Act la 2015 ndi lokhwima: zaka 14 kundende kwa wozembetsa munthu wamkulu, zaka 21 ngati ndi mwana, ndipo pena mpaka moyo wonse. Wozembetsayo sangadziteteze ponena kuti mwiniwake anavomera, ngati anamunamiza kapena kumupezerera pa umphawi wake. Sitikuti musapite kunja, aliyense ali ndi ufulu wofuna moyo wabwino. Tikuti kontrakiti muione musanakwere, mufunse ku ofesi ya zantchito ngati wokutenganiyo akudziwika, chithunzi cha pasipoti mutumize kwa m'bale wanu, ndipo pasipotiyo isachoke m'manja mwanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pomaliza tituluke pang'ono m'dziko muno, chifukwa mvula imene inagwa ku Phalombe nkhani yake inafika kutali. Mu March 2023, mwezi womwe ife tinkafukula abale m'matope, mayiko a United Nations anagwirizana kufunsa khoti lalikulu la dziko lonse ku The Hague kuti malamulo amati chiyani pa kusintha kwa nyengo. Anayambitsa zimenezi ndi ophunzira zamalamulo a ku zilumba za Pacific, achinyamata ngati ife, ndipo dziko la Vanuatu linawanyamulira nkhaniyo. Malawi inali m'gulu la mayiko amene analankhula kukhotiko mu December 2024. Pa 23 July 2025 khoti linayankha kuti mayiko ali ndi udindo woteteza nyengo, ndipo dziko lolephera udindowo litha kufunsidwa chipukuta misozi. Limeneli ndi langizo, si chigamulo chokakamiza aliyense kulipira mawa. Koma likusintha kalankhulidwe. Mayi wa ku Nkhulambe alibe fakitale, alibe galimoto, utsi umene ukutenthetsa dziko si wake. Ndalama zokonzera zimene Freddy anaononga tikhoza kuzikamba ngati ngongole imene ena ali nayo kwa iye. Ndipo zikadzabwera, funso lidzakhala lomwe lija: zalembedwa m'dzina la ndani?

Ndiye tichite chiyani mvula isanayambe? Aliyense aimbe foni kwawo sabata ino. Funsani ngati mu komiti ya ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'mudzi ndi mu komiti ya malo muli amayi, ndiponso ngati amalankhula kapena amangophikira msonkhano. Auzeni achemwali anu ajambule chitupa cha unzika, buku la kuchipatala ndi mapepala a malo, akutumizireni musunge, chifukwa madzi sasankha pepala. Lembani 116 ndi 5600 mufoni ya mng'ono wanu. Ndipo mnzanu akakuuzani kuti wapeza ntchito kunja, kondwerani naye, kenako mumufunse kuti kontrakiti ili kuti.

Gawani uthengawu ndi anzanu, makamaka amene kwawo ndi ku Phalombe, Mulanje, Chikwawa ndi Nsanje. Mafunso alipo? Tiyeni tikambirane.