Mtedza wathu ufuna manja ndi maganizo omwe: mawu kwa alimi a ku Kamwendo



Nyengo yokolola ikafika, tonse timakhala pa liwiro. Mavenda amakhala atapachika kale masikelo awo m'mbali mwa msewu wa M12, sukulu fizi ikudikira, ngongole ya feteleza nayo ikugogoda pakhomo. Palibe amene angamunyoze mlimi wofuna kumaliza msanga. Koma funso langa lero ndi ili: kodi manja athu akamathamanga, maganizo athu amakhala kuti?

Ndipereke chitsanzo chimene tonse tikuchidziwa. Poswa mtedza, ambiri timawaza madzi kuti makoko afewe, zala zisapweteke, thumba lidzaze msanga. Ena amanyowetsa dala kuti ulemere pasikelo. Ntchito imafulumiradi, koma chinyezi chimenecho ndicho chimaitana chuku. Poizoni wa chuku, amene akatswiri amamutcha aflatoxin, saoneka ndi maso, ndipo satha ngakhale mukazinge kapena kuphika. Amaononga chiwindi, amayambitsa khansa, komanso amathandizira kuti ana apinimbire. Ku Kenya m'chaka cha 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chokhala ndi poizoni ameneyu.

Msika nawo suiwala. Kale mtedza wa Chalimbana unkapita ku Ulaya wambiri, koma malonda aja anagwa, ndipo lero chuku ndi chimodzi mwa zotchinga zazikulu. Maiko a ku Ulaya salola mtedza wodya wopitirira mamaikulogalamu 4 a poizoniyu pa kilogalamu imodzi. Komabe alimi a boma lathu lino anaonetsa kuti n'zotheka. Bungwe la MASFA, pansi pa NASFAM, linalandira chiphaso cha Fairtrade mu 2004, ndipo mtedza wa ku Mchinji unafika m'masitolo a ku Britain. Ndalama zapamwamba za malondawo zinamanga nyumba ya odikirira odwala pa chipatala cha boma la Mchinji. Mayi amene anakhala pamkeka, lichero pamiyendo, n'kumachotsa njere yoola imodziimodzi, anaikapo njerwa yake panyumba imeneyo.

Choncho sindikuti tizizengereza. Ndikuti tidziwe pothamangira ndi poimira. Pokumba, pothothola ndi ponyamula, tigwirizane m'magulu athu kuti ntchito ichepe. Pomwe pali makina oswera mtedza, tisonkhe tibwereke, m'malo mowaza madzi. Nthawi imene tapulumutsayo tiipereke ku ntchito zitatu zofuna mtima wonse: kuumitsa bwino pa milu ya Mandela monga alangizi amatiphunzitsira, kusankha, ndi kusunga pouma, matumba osagunda pansi. Posankha, foni ikhale patali. Sankhani kukali kowala, mutu usanatope. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomaliza, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mtedza wofota, wosweka ndi wachuku umene mwaupatula musasinjire nsinjiro, musaike m'phala la mwana, musapatse ngakhale nkhuku. Tisamagulitse wabwino n'kudyetsa ana athu zotsalira. Mukagwira njere iliyonse, kumbukirani kuti pali pakamwa pamene ikupita, mwina pa mdzukulu wanu, mwina pa mwana wodwala amene akulandira chiponde kuchipatala. Mlimi wokumbukira zimenezi amatopa ndithu, koma amadziwa chimene watopera.